Columbia: Tauni ya Golide Imene Ana Asukulu Anaipulumutsa

Kum'mawa kwa chigwa chachikulu cha California, pamene nthaka imayamba kukwera pang'onopang'ono kulunjika ku mapiri a Sierra Nevada, pali tauni yaing'ono yotchedwa Columbia. Ili m'boma la Tuolumne, makilomita 6 kumpoto kwa Sonora, ndipo wochokera ku San Francisco amayenda maola atatu pagalimoto kuti akafike. Ndi m'tsinde mwa mapiri, pamtunda wa mamita ngati 650, dziko la zitunda, mitengo ya oak ndi paini, ndi miyala yoyera yotumphuka m'nthaka. Okhala m'derali ndi oposa 2,000. Koma chaka chilichonse mu Marichi ndi Epulo, kuzizira kukatha, udzu ukabiriwira, sukulu za ku America n'kutsekera tchuthi cha sabata imodzi chimene eni ake amachitcha spring break, msewu waukulu wa m'tauniyi umadzaza ana. Ena amakhala atagwira mbale zosefera golide, ena akudikira ngolo ya mahatchi, ena akukwera miyala. Chilichonse chimene anawo amachita chili ndi pamene chinayambira, ndipo poyambira penipeni ndi pakale kuposa nyumba za njerwa zimene amazionazo.

Eni dzikolo ndi a Me-Wuk, amene mabuku ambiri amawalemba kuti Miwok. Anakhala m'zitundazi mibadwomibadwo mzungu asanapondeko. Nthano zawo zimati anthu anawalenga ndi Coyote, chilombo cha kumeneko cha mtundu wa nkhandwe. Akuti iye anayenda dziko lonse akuzika nthenga za mbalame paliponse pamene ankafuna kuti padzakhale mudzi, ndipo kutacha nthenga zija zinali zitasanduka anthu. Buluzi ndiye anaumirira kuti anthuwo akhale ndi zala zisanu ngati zake, kuti azitha kugwira ndi kuluka. Ankasimbanso za chimphona chotchedwa Yayali, chokhala m'mapanga, chimene chinkagwira anthu. Mapanga ndi ambiridi m'derali, popeza pansi pa nthaka pali mwala wa laimu umene madzi amaufukula.

Moyo wawo unkayenda ndi nyengo. Chakudya chachikulu chinali njere za mtengo wa oak, makamaka oak wakuda, zimene ankatola masamba akayamba kuyoyoka n'kuzisunga m'nkhokwe zoluka zoimika pamizati. Kukonza njerezo inali ntchito ya amayi, ndipo sinali yamasewera. Ankaziswa imodziimodzi, kuchotsa makoko, kenaka n'kukakhala pathanthwe pamene agogo awo anakhalaponso, n'kumasinja ndi mwala m'timaenje timene tinkazama m'kupita kwa zaka. Ufawo umawawa kwambiri, choncho ankauyala pakadzenje kosalazidwa bwino mumchenga, n'kumathirapo madzi mobwerezabwereza mpaka kuwawa kutatheratu. Pophika ankaika ufa ndi madzi mudengu lolukidwa mothinana moti silinkadontha, n'kuponyamo miyala yotentha, akuivundula kuti isaboole dengu. Phala lotuluka pamenepo amalitcha nupa, ndipo mpaka lero amaliphika pa zikondwerero zawo.

Miyezi imene lero ana amapita kutchuthi inali nthawi ya ndiwo zamasamba. Atatha nyengo yozizira akudya za m'nkhokwe, ankatuluka kukathyola masamba anthete a clover ndi kukumba timizu tokoma m'madambo. Kukatentha ankakwera kumapiri kutsatira agwape, ndipo kumeneko ankakumana ndi a Paiute ochokera kuseri kwa mapiri, n'kusinthanitsa njere za oak ndi mchere komanso mwala wakuda wonyezimira wosongolera mivi. Ankatenthanso tchire mwadala pa nthawi yake, kuti udzu uphuke bwino ndiponso kuti moto waukulu usapeze zinyalala zoti udye. Obwera anailetsa nzeru imeneyi, ndipo California akuilira lero.

Asipanya, ndipo pambuyo pawo a ku Mexico, anakhazikika kwambiri kugombe la nyanja. M'zitundazi munkangofika matenda awo ndi anthu othawa kumamishoni. Koma chakudza sichiimba ng'oma. Pa 24 Januwale 1848 James Marshall, mmisiri amene ankamangira John Sutter makina ochekera matabwa ku Coloma, pamtsinje wa American, anaona tinthu tonyezimira pansi pa ngalande. Patangopita masiku 9 Mexico inasaina pangano la Guadalupe Hidalgo, lopereka California kwa United States.

Mbiri ya golideyo inawanda dziko lonse lapansi, ndipo pofika 1855 anthu pafupifupi 300,000 anali atakhamukira ku California. Ena anadutsa zipululu ndi mapiri pangolo za ng'ombe, ulendo wa miyezi isanu kapena kuposa. Ena anazungulira pasitima zam'madzi kumunsi kwa South America, ena anadulira pa Panama n'kukumana ndi malungo ndi kolera. Kunabwera a ku Chile, a ku Peru, Afalansa, a ku Ireland, a ku Australia, ndipo mu 1852 Matchaina zikwizikwi ochokera kuchigawo cha Guangdong. Kudera la Tuolumne, ena mwa oyamba kufika anali a ku Mexico ochokera kuchigawo cha Sonora, anthu odziwa kale ntchito ya m'migodi, ndipo msasa wawo ndiwo unadzakhala tauni ya Sonora. Aamerika ambiri anaphunzira kasefedwe ka golide kwa iwowa.

Za mmene Columbia inayambira, anthu a kumeneko amasimba motere. Mu Marichi 1850 dokotala wina wa ku Maine, Thaddeus Hildreth, pamodzi ndi m'bale wake George ndi anzawo ochepa, anali atatopa kufunafuna osapeza kanthu. Mvula inawagwera usiku, zofunda zonse n'kunyowa. Pa 27 Marichi anayanika mabulangete padzuwa, ndipo poyembekezera kuti aume, mmodzi wa iwo, John Walker, anatsikira kukakhwawa ndi mbale yake kuti angoyesa. Golide anaoneka nthawi yomweyo. Palinso mbiri ina yakuti a ku Mexico anali atayamba kale kukumba pafupi ndi pamenepo, obwerawo n'kuwapirikitsa, ndipo poona zimene zinachitika miyezi yotsatira, mbiri yachiwiriyi si yoti munthu angoikankhira kumbali. Pasanathe mwezi pamalopo panali mahema ambirimbiri ndi anthu zikwi zingapo. Poyamba ankati Hildreth's Diggings, kenaka American Camp, ndipo pomaliza dzina la Columbia ndilo linakhazikika.

Chaka chomwecho akuluakulu a California anakhazikitsa msonkho wa madola 20 pamwezi kwa wokumba golide aliyense wosakhala nzika ya United States. Ambiri sakanaukwanitsa, ndipo aliyense ankadziwa kuti cholinga chinali kuthamangitsa olankhula Chisipanishi ndi Chifalansa. Mu Meyi 1850 alendo zikwi zingapo anasonkhana kufupi ndi Sonora kukana msonkhowo, Aamerika nawo anatenga mfuti, ndipo pamapeto pake khamu la anthu linamanga katundu n'kubwerera kwawo. Amalonda amene anataya makasitomala analira kwambiri, moti lamulolo linachotsedwa mu 1851. Linabweranso mu 1852 pamtengo wa madola 3, ulendo uno litalunjika pa Matchaina, amene analilipira kwa zaka zambiri.

A Me-Wuk ndiwo anaona zakuda kuposa onse. Mitsinje imene ankagwiramo nsomba inasanduka matope, mitengo ya oak inagwetsedwa kukhala nkhuni ndi mizati, nkhumba ndi ng'ombe za obwera zinadya njere ndi mizu. Akapha ng'ombe chifukwa cha njala, midzi yawo inkatenthedwa. Lamulo lina la mu 1850, lodzitcha loteteza eni dziko, linkalola mzungu kutenga ana awo kukhala antchito, ndiponso linkaletsa kuti mzungu apezeke wolakwa pa umboni wa mwini dziko. Mu 1851 ndi 1852 nthumwi za boma la United States zinasainirana mapangano 18 ndi mitundu ya mu California, kulonjeza malo okhala. Nyumba ya malamulo ya Senate inakana kuwavomereza, ndipo mapepalawo anabisidwa mpaka 1905. Eni dziko mu California yense analipo ngati 150,000 golide asanapezeke. Pofika m'ma 1870 anatsala ngati 30,000.

Kwa okumba, vuto lalikulu la Columbia linali madzi. Golide analipo wambiri, koma makwawa a pamenepo amayenda nthawi ya mvula yokha, ndipo popanda madzi dothi silisefeka. Chilimwe choyamba msasa unatsala pang'ono kutheratu. Mu 1851 kunapangidwa Tuolumne County Water Company, imene inakumba ngalande ndi kumanga migula ya matabwa yodutsa pamwamba pa zigwa, mpaka madzi a kumapiri anafika m'tauni mu 1852. Mwini madzi ndiye anakhala mfumu, ndipo mtengo wake unkafinya okumba. Iwo anadandaula, ananyanyala ntchito, nayambitsa kampani yawoyawo, Columbia and Stanislaus River Water Company, imene ambiri anaithandiza ndi thukuta lawo, piki ndi fosholo zili m'manja. Ngalande yawo ya makilomita pafupifupi 100 inatha mu 1858, tauni yonse n'kuchita phwando. Mwatsoka golide wosavuta anali atayamba kale kuchepa, ngongole zinawamiza, ndipo posakhalitsa ngalandeyo inagwera m'manja mwa kampani yomwe ija imene ankaithawa. Zina mwa ngalande za nthawi imeneyo zikuperekabe madzi m'boma la Tuolumne mpaka lero.

Madzi atachuluka, kakumbidwe kanasintha. Mbale inasiyira malo mabokosi aatali a matabwa oyendamo madzi, kenaka mipopi yamphamvu yogumula nthaka. Golide wa ku Columbia anali atabisala m'ming'alu ya mwala wa laimu, choncho okumba anakokolola dothi lonse la pakati pa miyalayo, kutsitsa nthaka mamita atatu, penanso kupitirira pamenepo. Miyala yoyera yokhotakhota imene yangoti mbwee kuzungulira tauniyi, imene ana amakonda kukwera ndi kubisalamo, yonse inali pansi pa dothi. Ndi chipsera cha dziko limene linasendedwa m'zaka zochepa chabe.

Moto nawo unaumba tauniyi. Mu Julayi 1854 unanyeketsa pafupifupi nyumba zonse za pakati pa tauni, popeza zinali za matabwa ndi nsalu. Mu Ogasiti 1857 unabukanso, ndipo wonga wa mfuti umene unali m'sitolo ina utaphulika, anthu angapo anafa. Mlandu anaukankhira pa Matchaina, n'kuwathamangitsira kunja kwa tauni. Kuchokera pa moto woyamba uja, aliyense wokhala ndi ndalama ankamanga ndi njerwa zowotchera pomwepo, makoma ochindikala, zitseko ndi zotsekera mawindo zachitsulo. Zitsekozo zilipobe, zazitali, zolemera moti mwana wamng'ono sangazikankhe yekha. Mu 1859 anagula ku San Francisco pampu yozimitsira moto yopopa ndi manja, yopangidwa ku Boston, imene akuti inkapita kuzilumba za Tahiti koma inathera padoko. Dzina lake ndi Papeete, ndipo ikadali m'nyumba ya ozimitsa moto.

Zaka za m'ma 1850 ndizo zinali za ulemerero: masitolo, mabanki, mabala ambirimbiri, nyuzipepala, nyumba za zisudzo. Tchalitchi cha Katolika cha St. Anne chinamangidwa ndi njerwa paphiri la Kennebec mu 1856, ofesi ya kampani yonyamula golide ya Wells Fargo mu 1858, ndipo mu 1860 sukulu yosanja ya njerwa pamwamba pa chitunda. Sukuluyo ndiyo inasonyeza kuti msasa wa amuna okhaokha unali utasanduka mudzi wa mabanja. Fumbi la golide lolemera aunsi imodzi linkagulidwa madola ngati 16, ndipo likayezedwa pasikelo linkatumizidwa pangolo kupita ku Stockton ndi San Francisco. Columbia ankaitcha ngale ya migodi ya kummwera. Okalamba a kumeneko ankakonda kusimba kuti tauni yawo inalephera ndi mavoti awiri okha kukhala likulu la California. Olemba mbiri amati imeneyi ndi nthano chabe, komabe ikusonyeza mmene anthuwo ankadzionera.

Kugwa kunabwera msanga. Siliva atapezeka ku Nevada mu 1859 ndi mkuwa ku Copperopolis mu 1860, anthu anasamukira kumeneko, poti wokumba alibe kwawo. Otsala anayamba kugwetsa nyumba zopanda anthu kuti akumbe pansi pake, malo okhawo amene anali asanasefedwe. Tchalitchi cha St. Anne chinatsala chokha pachitunda, nthaka yozungulira itadyedwa mpaka m'mphepete mwa manda. Chiwerengero cha anthu chinatsika kufika pa 500 kapena kuyandikira apo. Njanji ya Sierra Railway itafika ku Jamestown mu 1897 ndi ku Sonora mu 1899, Columbia inailambalala.

Columbia sinasanduke bwinja monga misasa ina yambiri, chifukwa mabanja ochepa anakakamira, akulima zipatso, kuweta ng'ombe ndi kusema mwala wa mabo pamgodi wapafupi. Sinalemerenso mokwanira kuti igwetse zakale n'kumanga zatsopano. Umphawi ndiwo unasunga nyumbazo. M'zaka zomwezo nthawi ya golide inayamba kusanduka nthano yokoma. Wolemba mabuku Mark Twain, amene anakhala miyezi yochepa ku Jackass Hill kumapeto kwa 1864 ndi kuchiyambi kwa 1865, anatola ku Angels Camp nkhani ya chule wodumpha imene inamutchukitsa. Wachifwamba wotchedwa Black Bart anabera ngolo ya Wells Fargo pafupi ndi Copperopolis mu 1875, ndipo atabwereza pamalo omwewo mu 1883 anagwidwa chifukwa cha mpango umene anagwetsa, wokhala ndi chizindikiro cha ochapa zovala. Nkhani zoterezi ndizo zidzukulu zinkakonda kumva.

Mu 1928 Frederick Law Olmsted Jr., amene anapatsidwa ntchito yofufuza malo oyenera kutetezedwa mu California, anaika Columbia pamndandanda wake. Ndalama zinavuta, makamaka m'zaka za umphawi wa m'ma 1930, koma anthu a m'tauniyo sanatope kugogoda. Pa 15 Julayi 1945 bwanamkubwa Earl Warren anabwera ku Columbia komweko, nasaina lamulo loika tauniyi m'gulu la malo a mbiri otetezedwa ndi boma, ndipo kwa tsiku limodzi limenelo Columbia inalengezedwa kukhala likulu la California. Boma linagula nyumba za pakati pa tauni n'kumazibwereketsa kwa amalonda, pa lamulo lakuti malonda ndi zovala zawo zifanane ndi za nthawi ya golide. Magalimoto analetsedwa mumsewu waukulu. Opanga mafilimu anapezerapo mwayi, ndipo mbali zina za High Noon ya mu 1952, ya Gary Cooper ndi Grace Kelly, anazijambulira pomwepa.

Sukulu ija inali itatsekedwa mu 1937, chifukwa sinkakwaniritsa malamulo atsopano amene anakhazikitsidwa chivomezi cha ku Long Beach chitagwetsa sukulu zambiri mu 1933. Inakhala zaka zambiri ikuwonongeka, makoma akung'aluka. M'zaka za m'ma 1950 bungwe la aphunzitsi la California Teachers Association linapempha ana asukulu a m'chigawo chonse kuti asonkhe. Ana amene ambiri a iwo anali asanaionepo Columbia anabweretsa timakobiri tawo kwa aphunzitsi, ndipo pophatikiza ndi ndalama za boma, nyumbayo inakonzedwa n'kutsegulidwanso mu 1960. Kwa ine ichi ndicho chinthu chokongola kwambiri m'mbiri yonse ya tauniyi. Golide wa madola mamiliyoni ambiri anachoka pano n'kukamanga San Francisco ndi mabanki a kutali, osabwerako. Chimene chinabwerera ndi makobiri a ana, ndipo kuyambira pamenepo Columbia yakhala tauni ya ana m'njira yoti n'zovuta kuitsutsa.

Tchuthi chimene chimawabweretsa chili ndi mbiri yakeyake. Kale chinkangotchedwa tchuthi cha Pasaka, ndipo sukulu zambiri zimachiikabe pafupi ndi Pasaka. Mbiri yake yoipa inayambira ku Florida, kumene m'zaka za m'ma 1930 osambira a pa yunivesite ya Colgate anayamba kupita ku Fort Lauderdale kukakonzekera mipikisano kumalo ofunda. Anzawo anatsatira, filimu ya Where the Boys Are ya mu 1960 inasonkhezera moto, ndipo pofika 1985 ophunzira oposa 300,000 ankadzaza mzindawo ndi mowa ndi phokoso, mpaka akuluakulu anakhwimitsa malamulo. Chithunzi chimenechi ndicho chimaonekera m'mafilimu. Koma mabanja a ana aang'ono amafuna kwina, malo apafupi, otsika mtengo, kumene mwana angathamange popanda kuopa galimoto, ndipo matauni a m'mphepete mwa Highway 49, msewu umene nambala yake imakumbutsa chaka cha 1849, ndiwo amalandira anthu otere. Nyengo nayo imathandiza: mu Julayi ndi Ogasiti zitundazi zimatentha koopsa, udzu uli gwaa, pamene mu Epulo makwawa amakhala akuyenda. Kuwonjezera apo, ana a giredi 4 mu California amaphunzira mbiri ya chigawo chawo, moti mabasi achikasu amawabweretsa kuno masiku a sukulu, ndipo ambiri amadzakokanso makolo awo tchuthi chikafika.

Chokoka ana kwambiri ndi kusefa golide. Kumunsi kwa msewu waukulu kuli migula yaitali ya matabwa yodzaza madzi ndi mchenga. Mwana amapatsidwa mbale yotambalala, amatapa mchenga, amaimiza m'madzi ozizira, n'kumaigwedeza uku ndi uku kuti zolemera zitsike pansi. Kenaka amaipendeketsa pang'ono, madzi n'kumakokolola mchenga wapamwamba. Amene anaonapo mayi akupeta mpunga palichero sangavutike kumvetsa. Kungoti apa ntchito ya mphepo ikugwiridwa ndi madzi. Golide amalemera kuwirikiza ka 19 kuposa madzi, choncho sathawa ngati dzanja lili lodekha. Pamapeto pamatsala mchenga wakuda wochepa, ndipo m'mphepete mwake mumaoneka kachidutswa kachikasu kakang'onong'ono. Mwana amakatola ndi nsonga ya chala chouma n'kukaika m'kabotolo ka madzi. Eni malowo amathiramo golideyo dala kuti mwana asabwerere chimanjamanja. Komabe msana ukayamba kuwawa, zala zitachita dzanzi, mwana amamva m'thupi mwake chimene buku silikanamuuza: kuti amuna aja ankagwira ntchito imeneyi kuyambira m'bandakucha mpaka madzulo, ndipo ambiri anabwerera kwawo ali amphawi kuposa mmene anachokera.

Ngolo ya mahatchi imanyamuka pafupi ndi ofesi ya Wells Fargo n'kulowa m'tchire pakati pa miyala ija, ndipo kumeneko munthu wobisa nkhope, wosewera ngati wachifwamba, amaiimitsa, ana n'kukuwa mosangalala. Kwa wosula zitsulo amaonerera chitsulo chikufiira pamoto, ndipo ambiri amatulukamo ndi nsapato ya hatchi yodindidwa dzina lawo. Pena amaviika makandulo m'phula losungunula la mitundumitundu. Kusitolo ya maswiti ya banja la a Nelson, imene yadutsa mibadwo ingapo, amaonerera pagalasi maswiti akuphikidwa m'miphika ya mkuwa, ndipo m'mabala akale amagula chakumwa chotsekemera cha sarsaparilla. Akakwera chitunda amakafika kusukulu ija, kumene kuli madesiki a matabwa, masileti ndi mbaula ya nkhuni. Kulowa m'tauni n'kwaulere.

Kumapeto kwa Marichi amakumbukira tsiku lobadwa la tauniyi. Pa Pasaka pamakhala perete wa anthu ovala madiresi aatali ndi zipewa za m'nthawi ya Mfumukazi Victoria, ndipo ana amamwazikana kusaka mazira obisidwa. Okhala masiku angapo amapita ku Jamestown, ku Railtown 1897, kumene sitima zakale zimayamba kunyamula alendo mu Epulo. Injini yanthunzi ya Sierra No. 3, yopangidwa mu 1891, inaonekera mu High Noon ndi mu Back to the Future Part III. Ena amawoloka mtsinje wa Stanislaus kukatsikira m'mapanga a Moaning Caverns ndi Mercer Caverns, kapena kukaona mitengo ikuluikulu ya sequoia ku Calaveras Big Trees, kumene nthawi zina chipale chofewa chimakhala chisanasungunuke. Ku Table Mountain ndi ku Red Hills maluwa akutchire amakuta zitunda kwa masabata ochepa, kenaka dzuwa n'kuwawaula.

Zonsezi n'zabwino, ndipo sindikuona chifukwa chonyozera mwana wosangalala ndi kabotolo kake. Nkhawa yanga ili pa nkhani zimene zimakambidwa motsitsa mawu. Mwana akhoza kutha tsiku lonse ku Columbia n'kubwerera akudziwa mtengo wa aunsi ya golide ndi dzina la Black Bart, koma osadziwa kuti dziko limene wapondalo linali ndi eni ake. Zinthu zayamba kusintha. Mu 2019 bwanamkubwa Gavin Newsom anapepesa pamaso pa atsogoleri a eni dziko, n'kunena poyera kuti zimene zinachitikazo kunali kupululutsa mtundu wa anthu. Mu Columbia momwemo muli sitolo yachitsanzo yosonyeza moyo wa Matchaina. Komabe nkhani ya a Me-Wuk, ya a ku Mexico othamangitsidwa ndi msonkho, ndi ya nthaka yokokoloka iyenera kukambidwa pamigula pomwepo, mbale ili m'manja, chifukwa ndi pamene mwana amakhala atatchera khutu. Mwana wa zaka 9 amene angamvetse za wachifwamba angamvetsenso za kulandidwa kwa dziko.

A Me-Wuk sanathe. Mu 1910 boma linawapatulira kamalo ku Tuolumne, kum'mawa kwa Sonora, ndipo kumeneko ali ndi nyumba yawo yozungulira ya miyambo. Seputembala aliyense amachita chikondwerero cha njere za oak. Mu 2001 anatsegula nyumba ya juga ya Black Oak, imene lero imalemba ntchito anthu ambiri m'bomalo, ndipo ali ndi chipatala chimene chimathandizanso anthu a mitundu ina. Nzeru yawo ya moto nayo yayamba kufunidwa, popeza tchire limene linasiyidwa osatenthedwa kwa zaka zoposa 100 tsopano likuyaka mosagwirika. Moto wa Rim wa mu 2013 unanyeketsa mahekitala oposa 100,000 m'dera lomweli, ndipo mu Seputembala 2025 moto woyambitsidwa ndi mphezi unatentha nyumba zambiri ku Chinese Camp, tauni ina yakale ya golide kummwera kwa Sonora.

Ngati mudzapezeka ku California nthawi ya Pasaka muli ndi ana, apititseni ku Columbia, asefe golide ndi kukwera ngolo. Koma muwonjezerepo tsiku limodzi. Kumpoto, m'boma la Amador pafupi ndi Pine Grove, kuli malo otchedwa Indian Grinding Rock, amene eni ake amati Chaw'se. Pathanthwe la pamenepo ndi miyala yoyandikana nalo pali maenje osinjira 1,185, ndipo pambali pake pali nyumba yosungiramo zinthu zakale ndi nyumba yozungulira imene a Miwok amavinamo mpaka lero. Kuchokera ku Columbia, ulendo wake sufika maola awiri pagalimoto.